Makalata a Benjamin Franklin, Kazembe wa America ku France

Ambiri a ife timdziwa Benjamin Franklin m'phunziro la sayansi, kuti ndiye munthu uja anasonyeza kuti mphezi ndi magetsi ncinthu cimodzi. Koma ine ndifuna kukamba za nchito yina imene iye anagwira atakalamba, ndiyo ya ukazembe, makamaka za makalata amene analemba ali ku France. Ndiyesa kuti makalatawo anathandiza dziko lace monga momwe zinathandizira mfuti za asilikari.

Pa 4 July 1776 maiko ang'onoang'ono 13 a ku America analengeza kuti aleka kulamulidwa ndi mfumu ya Angerezi. Kulengezako kunali kosabvuta, koma kupambana nkhondo kunali kwina. Onga unali wocepa, zombo zankhondo zinali zowerengeka, ndarama panalibe. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Tsono msonkhano wa atsogoleri ao, dzina lace Congress, unatuma Franklin kukapempha cithandizo kwa Afalansa. Iye anali ndi zaka 70. Ananyamuka ku Philadelphia m'mwezi wa October nafika ku France kuciyambi kwa December, nakakhala pa mudzi wa Passy, pafupi ndi Paris. Anzace a nchito anali Silas Deane ndi Arthur Lee. Anatenganso mdzukulu wace William Temple Franklin, mnyamata wa zaka 16, wa msinkhu wathu womwewu, amene anali kumthandiza kulemba makope a makalata.

Bvuto loyamba linali kutalika kwa mtunda. Masiku amenewo kunalibe lamya, ndipo kalata inali kuoloka nyanja ya Atlantic pa combo coyenda ndi mphepo. Kupita kokha inali kutha masabata 6 kapena kuposa. Taonani zitsanzo ziwiri izi. Gulu lalikuru la asilikari a Angerezi linagonja pa Saratoga pa 17 October 1777, koma mbiri yace inafika ku Passy pa 4 December. Mbiri imeneyi ndiyo inalimbitsa mtima Afalansa, kotero kuti pa 6 February 1778 anasaina pangano la ubwenzi ndi America. Koma Congress inalandira panganolo pa 2 May. Pafupifupi miyezi itatu boma silinadziwe kuti lapeza bwenzi! Cifukwa cace kazembe sakanatha kufunsa kwao pa kanthu kali konse. Malangizo pofika anali atakalamba kale, ndipo iye anayenera kuganiza yekha cocita, ndi kufotokoza pambuyo pace.

Bvuto laciwiri linali lakuti panyanja panadzaza zombo za Angerezi zogwira zombo za adani. Pa cifukwa ici kalata imodzi anali kuilemba katatu kapena kanai, ndi kuitumiza pa zombo zosiyana, kuti imodzi ikagwidwa yina ifike. Mau ena acinsinsi anali kuwalemba ndi manambala m'malo mwa malemba. Thumba la makalata anali kulimangira cinthu colemera kuti alimize adani akayandikira. Koma si nthawi zonse linali kumira. M'caka ca 1780 Henry Laurens, amene anatumidwa ku Holland, anaponya mapepala ace m'nyanja, koma amalinyero a Angerezi anawabvuula. M'menemo anapezamo mau a pangano limene anthu ena anali kukonza pakati pa America ndi Holland. Laurens anamtsekera mu Tower of London, ndipo caka cisanathe Angerezi anayamba nkhondo ndi Holland.

Bvuto lacitatu ndilo loopsa koposa: akazitape. M'January 1778 Kapitao John Folger anapereka kwa Congress mtolo wa makalata ocokera ku Paris. Poumasula anapezamo mapepala oyera okhaokha, pakuti munthu wina, Joseph Hynson, anali ataba makalata eniweniwo nawapereka kwa Angerezi. Ndiponso mlembi wa akazembewo, Edward Bancroft, amene Franklin anamkhulupirira, anali kulandira malipiro kwa Angerezi. Iye anali kulemba zinsinsi ndi inki yosaoneka pakati pa mizere ya makalata a cikondi, ndi kuwaika m'botolo pa mtengo wina m'munda wa Tuileries, kuti mnzace adzatenge. Zimenezi zinaululika patapita zaka zoposa 100. Franklin anadziwa kuti azondi amzinga, ngakhale sanadziwe maina ao. Poyankha mai wina amene anamcenjeza m'caka ca 1777, iye anati lamulo lace ndi kusacita kanthu kamene angacite nako manyazi katamveka poyera.

Tsono taganizani, anzanga. Munthu alikulemba kalata imene idzafika mocedwa, imene kapena mdani adzayamba kuiwerenga, ndipo liu limodzi lolakwika likhoza kutayitsa dziko lace bwenzi. Munthu wotere ayenera kuyesa liu liri lonse asanalilembe. Kalata imene isonyeza bwino luso limeneli ndiyo ya pa 17 December 1782.

Nkhani yace inali yotere. Walira mvula walira matope: popeza Afalansa anapereka ndarama, zombo ndi asilikari, Congress inalamula akazembe ace m'caka ca 1781 kuti asapangane kanthu ndi Angerezi popanda Afalansa kudziwa. Koma John Jay ndi John Adams, amene anali kukamba za mtendere pamodzi ndi Franklin, anakayika kuti Afalansa afuna kuti malire a America akhale ocepa. Franklin anabvomerezana nao, ndipo pa 30 November 1782 anasaina pangano loyamba ndi Richard Oswald, woimira Angerezi, osafunsa Afalansa. M'panganolo Angerezi anabvomera ufulu wa America, ndi kuti malire ace afike ku mtsinje wa Mississippi. Nduna ya Mfumu Louis XVI yoona za maiko akunja, Vergennes, inalembera Franklin kalata yodandaula. Coipa cina ncakuti nthawi yomweyo Franklin anali kupempha ngongole yina kwa Afalansa omwewo, pakuti thumba la Congress linali lopanda kanthu.

Poyankha, Franklin sanakane mlandu, ndiponso sanadzigwetse pansi. Poyamba anakumbutsa ndunayo kuti m'panganolo mulibe kanthu kopweteka France, ndi kuti mtendere sudzakhalapo kufikira Afalansa nawonso atapangana ndi Angerezi. Kenaka anabvomera kuti analakwa pa mwambo wa ulemu posafunsa, koma anati sikunali kupeputsa mfumu, imene onse aikonda ndi kuilemekeza. Anapempha kuti nyumba yokongola imene mfumu yamanga isagwe cifukwa ca colakwa cimodzi, pakuti cithandizo cikaleka nyumbayo idzagwa. Potsiriza anaika mau amene ine ndiwayesa ocenjera koposa onse. Anati wamva kuti Angerezi ayamba kale kukondwa, poyesa kuti alekanitsa America ndi France, napempha kuti kusamvanaku kukhale kwacinsinsi kuti adaniwo aone kuti ananyengeka. Ndi mau amenewa anasonyeza Vergennes kuti akapitiriza mkwiyo, wopindula adzakhala mdani wa onse awiri. Afalansa anapereka ngongole ya 6 miliyoni ya ndarama zao za livre. Pangano lotsiriza linasainidwa ku Paris pa 3 September 1783, ndipo Franklin anabwerera kwao m'caka ca 1785.

Makalata amenewa sanatayike. Yale University inayamba kusindikiza mapepala a Franklin m'caka ca 1959, ndipo mabuku ace aposa 40. Ife ana a sukulu kawirikawiri tipeputsa phunziro la kulemba kalata, tiyesa kuti ndi nkhani ya keyala ndi moni cabe. Koma kalata ya Franklin itiphunzitsa kuganizira amene adzawerenga, kubvomera colakwa pa muyeso wace, ndi kupempha cimene tifuna popanda kutaya ulemu wathu. Ena a ife tidzagwira nchito m'maofesi, ndipo kapena mmodzi adzatumidwa kukaimira dziko lace kutali. Tiyeni tiyambe tsopano kuyesa mau athu tisanawalembe.