Mpasa ndi Mitsinje Yake

Pa msika wa Ndirande kapena wa Bangwe usipa susoŵa kaŵirikaŵiri. Koma mpasa, nsomba yonona ija imene akuluakulu a kunyanja amaitama, ana ambiri obadwira m'Blantyre sanailaŵepo. Nsomba ziŵirizi nzapachibale: zonse ndi za m'banja la carp, pamodzi ndi sanjika, ntchila ndi matemba. Chimene chinazisiyanitsa ndicho malo oswanira.

Usipa umabadwira m'nyanja ndi kufera momwemo. Mpasa imakulira m'Nyanja ya Malaŵi, koma ikafuna kuikira mazira imakwera mitsinje monga Bua, North Rukuru, Songwe, ndi Ruhuhu wa ku Tanzania, kufunafuna madzi oyera oyenda pa timiyala.

M'chaka cha 2016 akatswiri atatu, a Harold Sungani, a Benjamin Ngatunga ndi a Martin Genner, anafalitsa zimene anapeza atapima DNA ya mpasa ndi sanjika, ndiko kuti chibadwa chimene mwana amatengera kwa makolo ake.  Anapeza kuti mpasa ndi sanjika za mtsinje wina zinasiyanako pang'ono chabe ndi za mtsinje wina.  Izi zikusonyeza kuti mpasa sizibwerera kwenikweni kukaswana kumene zinabadwira.

Apa ndi pamene pagona vuto. Asodzi akatseka mtsinje ndi biyo kuchokera tsidya lino kufikira tsidya lija, kapena akathira katupe m'madzi, amapha nsomba zodzala ndi mazira zisanafike koikira.  Mtundu wotsala ndi mabanja oŵerengeka sulimba pa matenda kapena pa chilala. Ntchila, imenenso imaswanira m'mitsinje, inali nsomba yaikulu ya malonda m'zaka za m'ma 1950, koma pofika m'ma 1970 inali itachepa kwambiri.

Mtsinje wa Bua uli ndi mwayi wodutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015. Komabe alonda angathe kuletsa biyo, osati matope. Bua amachokera kutali ku Mchinji, nadutsa m'minda ya fodya ndi chimanga asanaloŵe m'nkhalangomo. Mitengo ya m'mbali mwake ikadulidwa, dothi lokokoloka kumtundako limakakwirira timiyala tija, ndipo mazira amafa posoŵa mpweya.