Lamulo ndilo linakweza anthu m'ndege

Ife ogwira ntchito ya zandege timamva dandaulo limodzi kawirikawiri, lakuti malamulo atichulukira. Ndege yaima pabwalo chifukwa injiniya sanasaine pepala. Woyendetsa ali bwinobwino koma akuti maola ake akwana, sangaulukenso mpaka akapume. Odandaulawo amaona ngati amalonda anayambitsa okha bizinesi ya ndege, ikuyenda bwino, kenaka boma n'kubwera kudzaitchera misampha. Ine ndikuti zinthu sizinayende choncho. Makinawo anaulukadi okha kuyambira mu 1903, koma chimene chinachititsa munthu wamba kupereka ndalama zake n'kukhala pampando wa m'ndege mtima uli m'malo ndi lamulo. Ndikuvomera ndithu kuti si lamulo lililonse limene linathandiza, ndipo zimenezo ndizinena poyera.

Zaka zoyambirira zikuonetsa mmene bizinesiyi inalili yofooka. Pa 1 January 1914, Tony Jannus anayamba kuwolotsa anthu pa ndege yotera pamadzi kuchoka ku St. Petersburg kupita ku Tampa, ku Florida, ulendo wa mphindi 23, munthu mmodzi pa ulendo, mtengo madola asanu. Patangopita miyezi inayi bizinesi inatha. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, ndege ndi oziyendetsa zinali mbwee, ndipo pa 25 August 1919 kampani ya Aircraft Transport and Travel inayamba maulendo a tsiku ndi tsiku pakati pa London ndi Paris. Boma la Britain, kudzera mwa nduna Winston Churchill, linati makampani a ndege adziimire paokha. Pofika February 1921 onse anali ataimika ndege zawo, pogonja kwa makampani a ku France omwe boma lawo linkawathandiza ndi ndalama. Britain inabweza mawu, ndipo mu 1924 inaphatikiza makampani anayi kukhala Imperial Airways, yomwe ndege zake pofika 1932 zinkatera ku Mpika ndi ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, popita ku Cape Town.

Koma ndalama zokha sizikanachotsa mantha, ndipo manthawo anali ndi chifukwa. Taonani zomwe zinachitika pa 7 April 1922 kumpoto kwa France, pafupi ndi Grandvilliers. Masiku amenewo woyendetsa ndege ankapeza njira poyang'ana pansi, kulondola msewu, njanji kapena mtsinje. Tsikulo kunali chifunga ndi mvula yowaza. Ndege ya Daimler Airway inkachoka ku Croydon kupita ku Paris, ndege ya kampani ya ku France inkachoka ku Paris kupita ku Croydon, zonse zikuuluka chapansi, pafupifupi mamita 150, zonse zikulondola njira imodzi. Zinawombana, ndipo anthu onse asanu ndi awiri anafa. Injini zinali bwino, mapiko anali bwino, oyendetsawo anali odziwa ntchito. Chimene chinasowa ndi pangano la mbali imene aliyense ayenera kudzera. Ngoziyi itachitika a zandege anagwirizana kuti ndege yolondola msewu kapena njanji izidzera kumanja kwake, ndiponso kuti ndege zonyamula anthu zizikhala ndi wailesi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kampani imodzi, ngakhale itasamala chotani, singadziteteze yokha mumlengalenga, chifukwa chitetezo chake chili m'manja mwa mnzake amene akubwera kutsogoloko mumtambo. Pamafunika wina woima pamwamba pa onse awiri, amene mawu ake onse angawamvere.

Amalonda enieniwo anazindikira zimenezi. Ku America, lamulo la 1925 litalola makampani kunyamula makalata a positi, eni makampaniwo ndiwo anapempha boma kuti liwaikire malamulo. Chifukwa chake n'chosavuta. Aliyense wogula ndege yotsala ku nkhondo ankatha kuulutsa anthu popanda womuyesa, ndipo ngozi za anthu oterowo zinkaipitsa mbiri ya onse, mabanki n'kumaumira ngongole, a inshulansi n'kumakweza mitengo. Pa 20 May 1926 Pulezidenti Calvin Coolidge anasaina Air Commerce Act, yomwe inapatsa unduna wa zamalonda mphamvu yoyesa oyendetsa ndege n'kuwapatsa laisensi, kuyendera ndege, kuika nyali zolozera njira usiku ndi kufufuza ngozi. Ku Ulaya anali atayamba kale ndi pangano la ku Paris la 1919, lomwe linati mlengalenga mwa dziko ndi mwa dzikolo, ndipo ndege iliyonse ilembetsedwe ndi kukhala ndi chiphaso chakuti ndi yoyenera kuuluka. Zilembo 7Q pa ndege za Malawi ndi 9J pa za Zambia ndi zidzukulu za ganizo limenelo.

Wina anganditsutse kuti malamulo amenewa amadza maliro atachitika kale, ndiye phindu lake n'lotani? Mbali ina akunena zoona. Mu March 1931 phiko lamatabwa la ndege ya Fokker linathyoka ku Kansas chifukwa chinyezi chinafooketsa guluu wolumikiza matabwawo, ndipo mwa anthu asanu ndi atatu omwe anafa munali Knute Rockne, mphunzitsi wotchuka wa mpira. Boma la America linaletsa ndege za mtunduwo kunyamula anthu mpaka zitayenderedwa, ndipo mkwiyo wa anthu unalikakamiza kusiya kubisa zotsatira za kafukufuku wa ngozi. Mu May 1935 phungu Bronson Cutting anafera pa ngozi ina ku Missouri, ndipo zinaoneka kuti nthambi yofufuza ngoziyo ndi yomweyo imene inkasamalira zipangizo zolozera njira zomwe ena ankaziloza chala. Munthu saweruza mlandu wake womwe, motero lamulo la 1938 linakhazikitsa bungwe lapadera lofufuza ngozi. Kwa ine izi sizikufooketsa mfundo yanga, zikuilimbitsa. Palibe amene akanadziwiratu zonse za chinthu chatsopano chotere. Chimene lamulo linachita ndi kuonetsetsa kuti phunziro logulidwa ndi moyo wa anthu lisakhale chinsinsi cha kampani imodzi. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo m'ntchito yathu lipoti la ngozi ya ku dziko lina timaliwerenga ngati lathu.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kwambiri, chakuti boma likagwira bizinesi limakondera. Umboni ulipo. Mu 1930 mkulu wa positi ku America, Walter Folger Brown, anaitana eni makampani aakulu ku misonkhano komwe anagawana njira za makalata, aang'ono n'kutsala panja. Nkhaniyi itaphulika, Pulezidenti Franklin Roosevelt anathetsa makontilakiti onse mu February 1934 n'kulamula asilikali kuti anyamule makalata. Asilikaliwo analibe zipangizo kapena chizolowezi chouluka usiku m'nyengo yachisanu, ndipo oposa khumi anafa m'miyezi yochepa ntchitoyo isanabwerere kwa makampani. Pangano la ku Warsaw la 1929 nalonso linaika malire a chipukuta misozi chimene kampani ingalipire, ndipo izi zinateteza makampani kuposa mabanja oferedwa. Sindingazikhululukire zimenezi. Koma tisasokoneze zinthu ziwiri. Pali lamulo lofunsa ngati phiko ndi lolimba ndiponso ngati woyendetsa wayesedwa, ndipo pali lamulo losankha amene aziyenda njira yakutiyakuti ndi mtengo umene azilipiritsa. Zochititsa manyazi za 1930 zinabadwira m'gulu lachiwirili.

America inayamba kulekanitsa ziwirizi patapita zaka makumi anayi. Kuyambira 1938 boma ndilo linkaika mitengo ya matikiti ndi kugawa njira, mpaka mu 1978 pomwe Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lomasula msikawo, ndipo bungwe la Civil Aeronautics Board lomwe linkagwira ntchitoyo linatsekedwa kumapeto kwa 1984. Koma bungwe loyendera ndege ndi kuyesa oziyendetsa, FAA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1958 ndege ziwiri zitawombana pamwamba pa Grand Canyon mu 1956 n'kupha anthu 128, aphungu omwe anavomereza lamulo la 1978 analisiya ndi mphamvu zake zonse.