Kusankha ma podcast omvera paulendo wa kuntchito

Ogwira ntchito m'boma ochokera ku Area 25 kapena Likuni amataya nthawi yaitali mu minibasi asanafike ku Capital Hill. Nthawiyi ingakhale yaphindu pomvera ma podcast, omwe ndi mapologalamu a mawu opezeka pa intaneti.

Ofuna nkhani za mu Africa angayambe ndi Focus on Africa ya BBC, ya m'Chingerezi, yotalika pafupifupi theka la ola. Imapezeka pa Spotify, yomwe inafika m'Malawi mu 2021. Google Podcasts inatsekedwa mu 2024.

Chofunika kwambiri ndi kusungiratu pologalamuyo mu foni pamalo a Wi-Fi, chifukwa ola limodzi lingadye mamegabaiti 30 mpaka 60 a bandulo, komanso netiweki ikavuta panjira mawu amadukiza.