Kupeza Ngodya Yosowa pa Denga

Anzathu, tonse tikulidziwa denga lodontha. Denga la udzu likagona kwambiri, madzi a mvula satsika msanga. Udzu umaola, ana amagona ponyowa. Denga la udzu limafunika kupendekeka madigiri 45 kapena kuposa. Nanga tingadziwe bwanji kuti lathu lafika pamenepo?

Tiyang'ane denga. Mtanda wagona pa zipupa. Mapaso awiri akwera kukakumana pamwamba. Mitengo itatuyi yapanga chithunzi cha mbali zitatu ndi ngodya zitatu. Dzina lake ndi thirayango.

Ngodya timaiyeza m'madigiri. Ngodya ya njerwa kapena ya buku ndi madigiri 90. Mzere woongoka ndi madigiri 180.

Lamulo lake ndi ili: ngodya zitatu za thirayango tikaziphatikiza zimakwana madigiri 180. Euclid analemba lamuloli mumzinda wa Alexandria ku Egypt, zaka pafupifupi 2,300 zapitazo. Koma tisangomva, tiyese tokha. Tidule pepala la mbali zitatu zoongoka. Ting'ambe ngodya zake zitatu. Tiziyale moyandikana, nsonga zonse zikumane pamodzi. Taonani, zapanga mzere woongoka!

Tsono tikadziwa ngodya ziwiri, yachitatu siyivuta. Tiphatikize ziwirizo, kenaka tichotse mu 180.

Ngodya ziwiri za pa mtanda tikufuna zikhale 45 ndi 45.
45 + 45 = 90
180 − 90 = 90

Ngodya ya pamwamba ikhale madigiri 90. Choncho timange mapaso pansi, tiyeze pokumanira pake ndi sikweya kapena ngodya ya buku, kenaka tikweze.

Mapaso akakhala ofanana kutalika, ngodya ziwiri za pa mtanda zimafanananso. Tinene kuti ngodya ya pamwamba yapezeka 120.
180 − 120 = 60
60 ÷ 2 = 30

Denga ili lapendekeka madigiri 30 okha. Lagona kwambiri, lidzadontha. Tilikonze tisanafolere.

Ntchito

1. Ngodya ziwiri ndi 70 ndi 50. Pezani yachitatu.
2. Ngodya ziwiri ndi 90 ndi 35. Pezani yachitatu.
3. Mapaso ndi ofanana, ngodya ya pamwamba ndi 80. Kodi denga ili lapendekeka mokwanira?

Tithandizane awiriawiri. Amene wamvetsa afotokozere mnzake.