Makina Osunga Ndalama Zanu Akadwala

Inu alimi a ku Mlangeni, tamverani. Mukagulitsa mbatatesi ndi kulandira ndalama pa foni, ndalamazo sizikhala m'fonimo ayi. Chiwerengero chake chimasungidwa kutali, m'makompyuta akuluakulu otchedwa seva, monga chimanga m'nkhokwe.

Eni makinawa amawaonjezera zotchinjiriza kawirikawiri kuti mbala zisalowemo. Koma nthawi zina chotchinjirizacho ndicho chimaononga. Pa 19 July 2024, kampani ya CrowdStrike ya ku America idatumiza fayilo yolakwika, ndipo makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni adaleka kugwira ntchito. Ndege zambiri sizidauluke, mabanki ndi zipatala zidasauka zedi.

Nanga adachiza bwanji? Amisiri adayatsa kompyuta iliyonse payokha, m'njira yakuti idzuke ndi zofunika zokha, nafufuta fayilo yoipayo. Mmisiri wanzeru amayamba wafunsa chimene chasintha posachedwa, nachichotsa. Zolembedwa zikaonongeka, amabwezera zimene adakoperatu nasunga kwina. Ndiponso chatsopano amayamba wachiyesa pa makina ochepa, monga inu muyesera mbewu yachilendo pa kandime kamodzi musanabzale munda wonse.

Tsono mbali yanu ndi iyi. Musafufute uthenga wotsimikiza malipiro. Lembani m'kabuku tsiku, ndalama ndi nambala ya uthengawo. Wogula akati watumiza koma uthenga sunafike, musapereke matumba. Inunso musatumize ndalama kachiwiri musanaone zotsala zanu. Makina akachira, kabukuko ndiko kadzakhale mboni yanu.