MALAWI, DZIKO LA ANANSI ATHU

Amayi ndi abambo, lero tiwerenga za dziko la Malawi. Ife a ku Tsangano dziko limeneli timalidziwa ndi mapazi. Mbatatesi, kabichi ndi tirigu wathu zimagulidwa m'misika ya m'malire. Ambiri a ife tili ndi abale ku Ntcheu ndi ku Dedza. Komabe munthu akhoza kupita kumsika wa Lizulu zaka makumi awiri osadziwa kuti dzikolo limalekezera pati, kapena kuti limalamulidwa bwanji. Tiyeni tsono tiphunzire. Werengani pang'onopang'ono. Mukapeza mawu ovuta, imani mufunsane.

KUKULA KWA DZIKO

Malawi ndi dziko laling'ono, lalitali koma lopapatiza. Kuchokera kumpoto kufika kumwera pali makilomita oposa 800. M'lifupi, malo ambiri sapitirira makilomita 160. Kumpoto kuli Tanzania. Kumadzulo kuli Zambia. Mbali yonse ya kumwera yazingidwa ndi dziko lathu la Mozambique: chigawo cha Tete uku, zigawo za Niassa ndi Zambézia uko.

Dziko lonse la Malawi ndi masikweya kilomita 118,000. Mozambique ndi pafupifupi 800,000. Ndiye kuti Malawi angalowe m'Mozambique pafupifupi kasanu ndi kawiri. Gawo limodzi mwa magawo asanu a Malawi ndi madzi. Tikachotsa madziwo, mtunda wotsala ndi wocheperako pang'ono poyerekeza ndi chigawo chathu cha Tete.

Taonani tsopano za anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi. Kalembera wathu wa 2017 anapeza anthu osakwana 3 miliyoni m'chigawo cha Tete. Malo ndi ofanana, koma anthu a uko ndi ochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. N'chifukwa chake minda ya anzathu ndi yaing'ono. N'chifukwa chakenso ambiri amawoloka kudzagwira ganyu kapena kudzagula chimanga kuno.

NYANJA, MITSINJE NDI MAPIRI

Chuma chachikulu cha Malawi ndi nyanja. Iwo amati Nyanja ya Malawi. Kuno imalembedwa kuti Lago Niassa, pakuti mbali ina ya nyanjayi ndi yathu. Kutalika kwake ndi makilomita oposa 550, ndipo pena kuya kwake kumafika mamita 700. M'menemo ndimo mumachokera chambo, usipa ndi utaka. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi, ngakhale zili m'madzi a Mozambique.

Mtsinje umodzi wokha ndiwo umatuluka m'nyanjayi. Dzina lake ndi Shire. Pa mathithi a Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndi pamene amapanga magetsi ambiri a dzikolo. Kumunsi, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumatentha kwambiri ndipo madzi amasefukira kawirikawiri. Potsiriza Shire amalowa m'Mozambique ndi kukathira mu Zambezi.

Phiri lalitali koposa ndi Mulanje. Nsonga yake, Sapitwa, ndi mamita 3,002. Kumpoto kuli mapiri ozizira a Nyika. Ku Ntcheu ndi ku Dedza kumazizira monga kuno kwathu, pakuti mapiri athu ndi amodzi. Mbewu zathunso ndi zimodzi.

MALIRE ANABWERA BWANJI?

Kale kunalibe malire pakati pa Tsangano ndi Ntcheu. Zaka mazana angapo zapitazo kunali ufumu wa Amaravi, wolamulidwa ndi Kalonga. Dzina loti Malawi linachokera pamenepo. Mfumu ina yaikulu ya Achewa, Undi, inamanga likulu lake ku Mano, kumpoto kwa chigawo chino cha Tete. Cha m'ma 1870 Angoni a Maseko anakhazikika pa phiri la Domwe, ku Angónia.

M'chaka cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasayinirana pangano logawana dziko. Eni nthaka sanafunsidwe. M'dera lathu lino anati malire atsate msana wa mapiri, pamene madzi a mvula amagawanikira. Madzi otsikira kuno amalowa mu Revúbuè ndi mitsinje ina yopita ku Zambezi. Madzi otsikira uko amalowa mu Shire kapena m'nyanja. Motero mbumba imodzi inagwa m'maiko awiri. Ena analamulidwa ndi Angerezi, ena ndi Apwitikizi. Mu 1896 Angerezi anapha Inkosi Gomani woyamba chifukwa chokana kuwagonjera. Mpaka lero ufumu wa Gomani uli ku Ntcheu, pamene Angoni ambiri a Maseko ali kuno.

NJIRA YA KU UFULU

Angerezi anatcha dzikolo Nyasaland m'chaka cha 1907. Anthu ankakhoma msonkho ndi kugwira thangata m'minda ya azungu, monga makolo athu ankagwira chibalo. Mu Januwale 1915 mbusa John Chilembwe wa ku Chiradzulu anatsogolera anthu kuukira atsamunda, ndipo anaphedwa. Kuyambira 1953 mpaka 1963 Nyasaland anamangidwa m'chitaganya pamodzi ndi maiko amene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe. Anthu anachikana chitaganyacho mpaka chinatha.

Malawi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964, zaka 11 Mozambique asanalandire wake. Mtsogoleri woyamba anali Dr. Hastings Kamuzu Banda. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Banda anatchedwa pulezidenti wa muyaya. Likulu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Pa 14 Juni 1993 anthu anavota kuti akufuna zipani zambiri. Mu 1994 anasankha Bakili Muluzi.

BOMA LIMAYENDA BWANJI?

Boma la Malawi lili ndi nthambi zitatu, monga mafuwa atatu a pamoto.

Nthambi yoyamba ndi Pulezidenti ndi nduna zake. Awa amayendetsa ntchito za boma. Pulezidenti amasankhidwa ndi anthu zaka 5 zilizonse, ndipo saloledwa kupitirira maulendo awiri otsatizana.

Nthambi yachiwiri ndi Nyumba ya Malamulo. M'menemo muli aphungu. Dera lililonse limasankha phungu mmodzi pomutchula dzina. Kuyambira pa chisankho cha 2025 mipando ya aphungu ilipo 229. Kuno kwathu aphungu ndi 250, ndipo timavotera mndandanda wa chipani.

Nthambi yachitatu ndi makhoti. Mphamvu ya makhoti inaoneka mu 2020. Oweruza anapeza kuti chisankho cha pulezidenti cha 2019 sichinayende bwino, nalamula kuti chibwerezedwe. Analamulanso kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Pa chisankho chobwereza anapambana Lazarus Chakwera. Mu Seputembala 2025 anthu anavotanso, nabwezera pampando Peter Mutharika. Dzikoli linakhalaponso ndi pulezidenti wamkazi, Mayi Joyce Banda, kuyambira 2012 mpaka 2014.

Malawi ali ndi zigawo zitatu: cha Kumpoto, cha Pakati ndi cha Kumwera. Mizinda yake yaikulu ndi Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre. Maboma aang'ono, amene kuno timati distrito, alipo 28. Ntcheu ndi Dedza ali m'chigawo cha Pakati. Kumidzi mafumu ali ndi ntchito yaikulu. Pansi pali nyakwawa, pamwamba pake gulupu, kenaka mfumu yaikulu ya dera. Iwo amaweruza milandu ya minda ndi ya mabanja.

MITUNDU NDI ZINENERO

Musaganize kuti Mmalawi aliyense ndi Mchewa kapena Mngoni. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pa anthu 100 alionse, pafupifupi 34 ndi Achewa, 19 ndi Alomwe, 13 ndi Ayao, 10 ndi Angoni ndipo 9 ndi Atumbuka. Otsala ndi Asena, Amang'anja, Anyanja, Atonga, Angonde, Alambya ndi ena.

Chitumbuka chimalankhulidwa kumpoto. Chitonga chili ku Nkhata Bay, Chingonde ku Karonga. Chiyao chimamveka ku Mangochi ndi ku Machinga. Chisena chili ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Alomwe ali ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe. Makolo a Alomwe ambiri anachokera kuno ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi. Onani kuti Chichewa, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena ndi zinenero za maiko onse awiri.

Dziko la zinenero zambiri liyenera kusankha cholankhula m'maofesi ndi m'sukulu. Malawi anasunga Chingerezi kukhala chinenero cha boma, monga ife tinasunga Chipwitikizi. Lamulo limati munthu wofuna kukhala phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Choncho mlimi wanzeru amene sanapite kusukulu sangalowe m'Nyumba ya Malamulo.

Mu 1968 boma la Banda linalamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, ndipo chikhale chinenero cha dziko lonse. Izi zinathandiza kuti anthu a mitundu yosiyana azimvana pamsika ndi kuchipatala. Mabuku ndi nyuzi za Chichewa zinachuluka. Koma Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo anthu a kumpoto anawawidwa mtima zaka zambiri. Kuchokera mu 1994 wailesi ya boma inayamba kuwerenganso nkhani m'Chitumbuka, kenaka m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena ndi m'Chitonga. Phunziro lake ndi ili: chinenero chimodzi chogwirizanitsa anthu n'chofunika, koma munthu akaletsedwa chinenero cha amake amaona ngati dziko lamutaya.

Kwa ife ophunzira kuwerenga pali mwayi. Chinyanja chathu ndi Chichewa chawo ndi chinenero chimodzi. Kusiyana kuli pang'ono pa kalembedwe. Mabuku a kuno amalemba "cimanga", a uko amalemba "chimanga". Mukadziwa kuwerenga buku lino, mungawerengenso kalata ya mlongo wanu wa ku Ntcheu, malangizo a pa thumba la mbewu ndi zikwangwani za kuchipatala cha uko.

MIYAMBO

Nsima ndiyo chakudya cha dziko lonse. Pa ukwati pali njira ziwiri. Achewa, Ayao ndi Alomwe amatsata kuchikazi: ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo malume ali ndi mawu. Atumbuka, Angonde ndi Asena amapereka malowolo, ndipo ana ndi a kuchimuna. Anthu ambiri ndi Akhristu. Pa anthu 100 alionse, pafupifupi 14 ndi Asilamu.

Magule ndi ambiri. Angoni amavina ngoma, Atumbuka vimbuza, Alomwe tchopa, Atonga malipenga, Ayao beni ndi manganje. Gule Wamkulu, amene timamudziwa bwino kuno ndi ku Macanga, analemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 ngati chuma cha maiko atatu: Malawi, Mozambique ndi Zambia. Mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse mafumu a Achewa a maiko atatuwa amakumana pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi.

KUDALIRANA KWATHU

Amalawi ambiri ndi alimi ngati ife. Amalima chimanga chodya. Dziko limagulitsa kunja fodya, tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndi shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Koma Malawi alibe doko la nyanja yamchere. Feteleza, mafuta ndi katundu wina wambiri amadzera ku Beira ndi ku Nacala. Ifenso timadalira iwo. Njanji yonyamula malasha a ku Moatize imadutsa m'Malawi popita ku Nacala.

Akulu a kuno akukumbukira nkhondo ya zaka 16. Nthawi imeneyo anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Ambiri a ku Tsangano ndi ku Angónia anakhala ku Ntcheu ndi ku Dedza. Dziko laling'ono losowa minda linawalandira. Pangano la mtendere litasayinidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo. Ana ambiri anabadwira uko, ndipo ena anaphunzira sukulu za uko.

Ngakhale ndife abale, maboma ndi awiri ndipo malamulo ndi awiri. Ndalama yawo ndi kwacha, imene inayamba mu 1971. Yathu ndi metikali, imene inayamba mu 1980. Mtengo wosinthira umasintha nthawi ndi nthawi. Mlimi wosadziwa kuwerenga manambala akhoza kutaya phindu la thumba lonse la mbatatesi pa sikelo kapena posintha ndalama. Popita ulendo wautali, dzerani pachipata cha malire, monga cha Biriwiri, cha Calómuè kapena cha Zóbuè, mutatenga mapepala anu. Mwana akabadwira tsidya lina, funsani ku ofesi ya kalembera kuti alembedwe, pakuti mwana wopanda mapepala amavutika polemba mayeso ndi pofuna ntchito.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'GULU

1. Chifukwa chiyani minda ya ku Malawi ndi yaing'ono kuposa ya kuno?
2. Madzi a mvula ya m'mudzi mwanu amathera mumtsinje uti?
3. Tchulani nthambi zitatu za boma la Malawi ndi ntchito ya nthambi iliyonse.
4. Ndi zinenero ziti zimene zimalankhulidwa m'Malawi ndi m'Mozambique momwe?
5. Mukanakhala inu, mukanasankha chinenero chiti kuti ana ayambire sukulu? Perekani zifukwa.

NTCHITO YOLEMBA

Lembani m'kope mwanu mawu awa: malire, nyanja, phungu, chinenero, kalembera. Kenaka lembani kalata ya mizere isanu kwa m'bale wanu wa ku Malawi, yomuuza mitengo ya mbewu ya chaka chino.