Alexa, Google kapena Siri: ndani angatimve m'nyumba mwathu?

Masiku ano m'magulu a WhatsApp ogulitsa katundu simusowa wina wotsatsa kasipika kozungulira ngati lalanje, kamene akuti ukakaitana kamayankha. Ukakafunsa nthawi kakuuza, ukafuna nyimbo kakuikira, ukakauza kuti kakudzutse 5 koloko m'mawa sikaiwala. Ena amatumiziridwa ndi abale a ku Johannesburg kapena ku UK, ena amagula kwa anzawo amene katopa nako. Funso limene anzanga amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti: pa masipika atatu otchukawa, wa Amazon, wa Google ndi wa Apple, ndigule uti?

Tisanafike pa mayina, timvetsetse kaye kuti kachipangizoka ndi khutu ndi pakamwa basi. Ubongo wake suli m'nyumba mwanu. Kamakhala tcheru kudikira dzina lake, kaya "Alexa", "Hey Google" kapena "Siri". Kakalimva kamajambula zimene mwanena n'kuzitumiza pa intaneti ku makompyuta a kampani imene inakapanga, ndipo yankho limachokera kumeneko. Choncho popanda intaneti, nzeru zambiri zimene mwaona pa TikTok zija zimathera pomwepo.

Atatuwa akusiyana pati?

Amazon ndiyo inayamba, pamene inatulutsa Echo m'chaka cha 2014. Mawu amene amayankha m'kati mwake ndiwo amatchedwa Alexa. Mphamvu yake yagona pa kugwirizana ndi zipangizo zambiri za m'nyumba monga mababu ndi masoketi olumikiza ku Wi-Fi, moti mukhoza kuthimitsa getsi la pabalaza muli chigonere. Imalolanso kusintha dzina loitanira, zomwe zingathandize ngati pakhomo pali mwana dzina lake Alex. Kakang'ono kake, Echo Dot, ku America kamagulitsidwa madola pafupifupi 50. Vuto lake kwa ife ndi lakuti zambiri zimene Alexa amanyadira, monga kuitanitsa katundu ku Amazon kuti afike pakhomo mawa lake, anakonzera anthu a kwina.

Google inabwera mu 2016 ndi Google Home, ndipo pambuyo pake masipika ake anayamba kutchedwa Nest. Kakang'ono kake, Nest Mini, kanatuluka mu 2019 pa mtengo wofanana ndi wa Echo Dot. Ameneyu ndi katswiri poyankha mafunso, chifukwa kumbuyo kwake kuli Google yomwe ija timafufuzirapo zinthu tsiku ndi tsiku. Koposa apo, ambirife tili ndi mafoni a Android, kaya Tecno, Itel kapena Samsung, ndipo akaunti ya Gmail tili nayo kale. Kalendala yanu ndi zikumbutso zanu zimangolowa popanda chovuta.

Apple, ngakhale inali ndi Siri m'mafoni ake kuyambira 2011, inachedwa kulowa m'bwaloli. HomePod inatuluka mu 2018, kenako HomePod mini mu 2020 pa mtengo wa madola 99. Pa kamvekedwe ka nyimbo, ambiri amavomereza kuti ili bwino kwabasi. Koma ili ndi tsankho: kuti muiyambitse pamafunika iPhone kapena iPad, ndipo simungaiponyere nyimbo pa Bluetooth kuchokera pafoni ya Android monga mungachitire ndi Echo kapena Nest. Ngati mulibe iPhone, HomePod ingokhala chokongoletsera pashelefu.

Zimene wogulitsa sakuuzani

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masipika onse ndatchulawa alibe batire. Amafuna kukhala pa soketi usana ndi usiku, ndiye magetsi akathima nawonso amagona. Tangoganizani mwadalira kasipika kuti kakudzutseni pa tsiku la intavyu, magetsi n'kuthima 3 koloko usiku. Foni ya batani ya madola ochepa ikanakudzutsani.

Chachiwiri ndi Wi-Fi. Zipangizozi zilibe polowetsa SIM khadi. Ngati kunyumba kulibe rauta kapena MiFi, ndiye kuti muzitsegula hotspot ya foni yanu, ndipo mukangotuluka ndi foniyo, otsala pakhomo atsala ndi chidole. Kufunsa nthawi kapena nyengo sikudya bandulo kwenikweni, koma nyimbo ndiye zimadya. Ola limodzi lomvera nyimbo pa intaneti likhoza kumeza ma MB oposa 50. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, zoona, koma bandulo ya WhatsApp kapena Facebook imene ambirife timadalira siyiimba nyimbo zimenezo.

Pali tinthu tinanso tofunika kuyang'ana musanapereke ndalama. Onani pulagi yake: ya ku UK ya mano atatu imalowa m'masoketi athu mwachindunji, pamene ya ku America kapena ya ku South Africa ifuna adaputa. Ngati mukugula chogwiritsidwapo kale ntchito, mwiniwake achichotse kaye pa akaunti yake inu mukuona. Ndipo yesani kulowetsa app ya Alexa kapena Google Home mufoni yanu musanagule, chifukwa popanda app imeneyo sipikayo simungaiyambitse.

Nanga Chichewa?

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Alexa amamva Chingerezi, Chijeremani, Chifalansa, Chisipanishi, Chihindi, Chiarabu ndi zina zingapo. Koma palibe ngakhale mmodzi mwa atatuwa amene mungamuuze kuti "tandiikira nyimbo za kwaya" n'kukumvani. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, koma kumasulira zolembedwa ndi kumva munthu akulankhula ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Ndimaganiza za agogo anga kumudzi. Maso anafooka, zilembo za pafoni saziona, ndipo kuti aimbire mwana wawo amadikira mdzukulu aweruke kusukulu. Munthu ngati ameneyu ndiye akanapindula kwambiri ndi chipangizo chongolankhula nacho, chowakumbutsa nthawi ya mankhwala a BP kapena kuwatsegulira wailesi. Koma ndi yemweyonso amene chipangizocho sichingamumve. Ife achinyamata amene tikhoza kuchilankhula Chingerezi ndife amene tili ndi maso ndi zala zotha kuchita zonsezo pafoni.

Makinawa amaphunzira chilankhulo pomvetsera mawu ojambulidwa a anthu ambirimbiri. Ku Rwanda anthu anadzipereka kujambula mawu awo m'Chinyarwanda kudzera mu ntchito ya Common Voice ya bungwe la Mozilla, ndipo chilankhulo chawo chinakhala chimodzi mwa zomwe zili ndi mawu ochuluka kwambiri mmenemo. Ife tikangokhala manja lende kudikira kuti a ku California atikumbukire, tidzadikira mpaka imvi.

Khutu losagona pabalaza

Nkhani ina yosafunika kuithamangira ndi ya chinsinsi. Mu 2019 zinaululika kuti makampani onse atatuwa anali ndi anthu olembedwa ntchito yomvetsera ena mwa mawu ojambulidwa, ati pofuna kuwongolera makinawo, ndipo zina mwa zojambulidwazo zinali zoti chipangizo chinangodzidzimuka chokha popanda woitana. Apple inapepesa chaka chomwecho. Mu 2023 Amazon inavomera kulipira madola 25 miliyoni ku America pa mlandu wosunga mawu a ana nthawi yaitali, ndipo kumayambiriro kwa 2025 Apple inavomera kulipira madola 95 miliyoni pothetsa mlandu wokhudza Siri.

Kwathu kuno pabalaza ndi pamene timakambirana za ngongole ya banki m'khonde, za matenda a m'banja, za ukwati umene ukugwedera. Mlendo akabwera kudzacheza sadziwa kuti pa kabati pali khutu. Echo ili ndi batani lotsekera maikolofoni, Nest Mini ili ndi kaswichi m'mbali, pamene pa HomePod mumatseka kudzera mu app kapena kuuza Siri kuti asiye kumvetsera. Mukagula, phunzirani zimenezi tsiku loyamba, muzifufuta zojambulidwa mu app, ndipo kuchipinda chogona kasalowe.

Ndiye tigule chiti?

Ngati muli ndi Android, Wi-Fi yokhazikika komanso sola kapena inivetala, wa Google ndiye sangakuvuteni. Ngati cholinga chanu ndi kulamula mababu ndi masoketi, Echo ndi amene ali ndi anzake ambiri. Ngati m'nyumba mwanu monse ndi iPhone ndipo thumba likulola, HomePod mini ikusangalatsani pa nyimbo.

Koma kwa ambirife, malangizo anga ndi akuti musathamange. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wothandiza wa Google kapena Siri ali kale mufoni yanu, yomwe ili ndi batire, SIM khadi ndiponso imalowa m'thumba. Muyeseni kwa sabata ziwiri: muzimuuza kuti akutcherereni alamu, akuimbireni munthu, akuuzeni za nyengo. Mukaona kuti mwazolowera ndipo akukumvani bwino Chingerezi chanu, pamenepo ganizirani za sipika. Mukaona kuti pofika Lachitatu mwaiwala zoti aliko, gulani sipika wamba ya Bluetooth yokhala ndi batire, ndalama yotsalayo mugulire mayunitsi a magetsi.